Malata Anga Ali pa Madenga a Eni Ake

Lolemba, 3 Novembala

Analipo: ine, ba Tembo a kukhitchini, ba Njovu alonda a pageti, ndi mayi wina wochokera ku Lusaka wa nsapato zogogoda, wodzatilangiza za penshoni. Malo: kalasi ya giredi 5, poti mu ofesi akupenta. Atatufe tikupuma ntchito pa 30 mwezi uno. Takhala pa madesiki a ana, mawondo kufika pachibwano.

Mayiyo akuti:
1. Penshoni imachedwa, musaidyeretu.
2. Musapite kumudzi ndi nkhongole.
3. Dziwani kumene kuli chuma chanu.

Ba Njovu agona pa mfundo yachiwiri. Ba Tembo akufunsa ngati pali chakumwa.

Ine chuma changa ndikuchidziwa. Ndimasunga m'malata. Kuyambira 2014, malipiro akatsalako pang'ono ndimagula lata limodzi, n'kulembapo tsiku ndi penti wobiriwira wotsala pa mabenchi a sukulu. Ndalama ya pepala siikhala m'thumba, kubwera maliro, kubwera mlendo. Koma lata ndani angakupemphe? Ndinkaganiza choncho.

Malata onse: 19.

Masana, foni ya mkazi wanga, amake Misozi, kuchokera ku Bundabunda. Nyumba yathu kumeneko ili ndi zipupa, matabwa a denga ali pamwamba, misomali ili m'chitini pansi pa bedi. Denga lokha. Iwo akugonabe m'kanyumba kaudzu, mmene chaka chatha ankagona atatsegula ambulera. Akuti: "Ine mvula ina mu udzu uja sinizagona. Misozi abwera pa Sondo kunitenga. Ngati denga kulibe, niyenda ku Lusaka kulera mwana wake, muzaniona April."

Sondo ndiye Lamulungu likubwerali. Sakalipa. Akakalipa ndimadziwa kuti zitha.

Zaka 23 ine ndikutchetcha udzu wa sukulu kuno ku Chalimbana, iwo akulima uko. Timaonana kumapeto kwa mwezi ngati malipiro. Ndikufuna pa 30 ndikafike pakhomo pali munthu.

Dongosolo:
Malata 14, nyumba.
Malata 4, kugulitsa kwa aphunzitsi ba Mumba, K250 limodzi. Ndalamayo, K1,000, kwa ba Chanda a kaloba (katapila) Lachisanu. (Ndinakongola K800 pa 7 Okutobala, ya matabwa.)
Lata 1, kwa ba Zulu a kanta (lole yaing'ono), kumalizira mtengo wa ulendo wa Loweruka.
Nkhongole yotsala: palibe. Mayi wa ku Lusaka angandiombere m'manja!

Madzulo, kuseri kwa nyumba, pansi pa mango: malata 6. Enawo ndikudziwa kumene ali. Anayi kwa amake Bupe, anayi kutchalitchi, awiri kwa mlamu ku Silverest, atatu kwa ba Chanda. Anangobwereka. Mawa ndiyamba kusonkhanitsa.

Lachiwiri, 4 Novembala

Amake Bupe, amasiye, ali ndi kantemba pafupi ndi geti la sukulu. Mphepo inasasula denga lawo mu Febuluwale chaka chatha. Ndinawabwereka anayi, a sabata ziwiri.

Ndapita ndi hamala.

Andikhazika pa kireti, andipatsa tiyi ndi vitumbuwa viwiri. Ndikuyang'ana m'mwamba. Zolemba zanga zikuoneka bwinobwino, penti wa sukulu ndi wolimba. 31.1.17, mwezi umene Misozi anakhoza giredi 12. Ndinalisenza pamutu kuchokera kumsewu waukulu, ndikuseka ndekha.

Ndafotokoza nkhani yanga, motsitsa mawu. Akuti: "Tengani chabe, atate a Misozi, ni yanu. Ine na bana tizaikapo masaka." Akunena akumwetulira, uku akusuntha shuga, sopo, machesi, timapaketi ta ufa, kundionetsa chilichonse chimene chidzanyowe.

Chitumbuwa chachiwiri ndachibwezera m'mbale.

Kenako andionetsa kumbuyo. Pali mpata wotsekedwa ndi pulasitiki yong'ambika, pamwamba penipeni pa mchere. "Apa peve nalephera. Mvula ikabwera nizangovala."

Akunena zotseka kantembako. Hamala ndinali nayo kale m'manja.

Misomali ku hadiweya, pa nkhongole: K40.

Ndinapita kukatenga anayi. Ndabwerako nditakhomerapo lachisanu. Ndakhoma bwino, silidontha.

Pansi pa mango: 5.

Sindinaimbe foni ku Bundabunda. Ndinena chiyani?

Lachitatu, 5 Novembala

Kutchalitchi, nditaweruka. Malata anayi anapita kumeneko mu 2023, pa maliro a mkazi wa akatekisiti, kuti amayi ophika asapse ndi dzuwa. Maliro anatha. Chisakasa chija chinamera zipupa, tsopano ndi khitchini ya parishi. Ndimadutsapo Lamulungu lililonse, ndimangoti ndidzanena.

Apampando, ba Mulenga, andilandira ndi manja awiri. Ndanena. Achotsa magalasi.

"Kubwereka? Koma tinalengeza kuti ni mphatso! Sondo ija munali na malungo. Banthu banaomba m'manja, bamayi nthungululu."

Ndiye chifukwa chake! Mwezi wonse uja anthu ankandigwira chanza mpaka m'chigongono. Agogo ena anandipatsa dzungu. Ine ndinkayesa akuyamikira mmene ndinatchetchera udzu wa kumanda.

Ba Mulenga akuti bambo mfumu anawaza madzi odalitsa pa denga lonse, anachita kukwera pa tebulo. "Manje mufuna tizule malata odalitsika?"

Ndafunsa ngati dalitso silingasamuke pamodzi ndi malata, poti nalonso banja langa ndi lachikatolika. Akuti funso limenelo ndi la bambo mfumu, ndipo apita ku msonkhano, abwera sabata yamawa.

Amayi a chigwirizano ali pomwepo akusenda anyezi, makutu ali kuno. Ba Mulenga akweza mawu: khitchini ikusowa chitseko, ndipo ayamba ndi anthu odziwika kale ndi mtima wopatsa.

Lonjezo langa: K50.

Ndatuluka akundiimbira nthungululu kachiwiri. Ulendo uno ndazimva ndekha.

Madzulo mitambo yaunjikana chakum'mawa, mbali ya kwathu. Ndakhala pa malata anga asanu, akadali ofunda ndi dzuwa. Ndikukumbuka chaka chimene tinakwatirana. Mvula inatipeza ku Chongwe tikuchokera kogula mapoto, tinabisala pakhonde la sitolo. Denga lamalata, mvula ikuchita ngati ng'oma. Amake Misozi, nthawi imeneyo akadali Esnati, anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti, "Tsiku lina tizagona pansi pa chongo ichi." Ankanena phokoso lija. Lata loyamba ndinagula chifukwa cha mawu amenewo. Sindinawauzepo.

Pansi pa mango: 5. Sanachepe lero. Ndikuthokoza.

Lachinayi, 6 Novembala

Ahedi andipatsa theka la tsiku. Ulendo wa ku Silverest.

Mlamu Fred, mng'ono wawo wa amake Misozi, amasunga puloti ya bwana wina wa m'boma. Anatenga malata awiri kuti avindikire simenti ya bwanayo. Simenti inatha kalekale, nyumba ili ndi matailosi, mpanda wamagetsi, thanki pamwamba.

Fred wandilandira bwino kwambiri. Ndi chizindikiro choipa.

Malata anawadula pakati. Zidutswa zinayi:
chimodzi, denga la chimbudzi cha omanga;
china, chitseko cha chimbudzi chomwecho;
china, kanyumba ka galu wa bwana;
china, akuyanikapo nshawa.

"Mulamu, bwana anakondwera maningi. Anakamba ati Fred uli na nzeru."

Ndapita kukaona galuyo. Wamkulu ngati thole, ali ndi mbale yakeyake yolembedwa dzina. Wagona pansi pa 29.11.19, lata limene ndinagula m'malo mwa nsapato. Wandiyang'ana ndi diso limodzi. Ndamusiya. Za chimbudzi sindinafunse n'komwe, munali munthu.

Takhuthula nshawa m'beseni. Ndatenga theka langa.

Pa siteshoni kondakitala akuti: "Mudala, ichi chilipira mpando. K30." Ndati ndichinyamula pamiyendo. "Chizacheka banthu. K30 olo muyende nacho pansi." Ine ndinali ndi yanga yokha yobwererera.

Fred wapisa m'thumba, wandikongoza K30. Basi ikunyamuka akuthamangira pawindo: "Musaibale, mulamu, nili na mavuto!"

Njira yonse mayi wa pambali panga akuteteza mwendo wake ndi chikwama. Ndapepesa pa bampu iliyonse.

Pansi pa mango: 5 ndi theka.

Foni yalira madzulo. Amake Misozi: "Ya pa Chibelu ili che bwino? Naitana ba Shawa na bana bawo kuti bakhome." Ba Shawa ndi anansi athu kumeneko. Ndati kanta ibwera Loweruka lomwelo. Si bodza, kanta ibweradi.

Lachisanu, 7 Novembala

Tsiku la ba Chanda.

Pa buleki ba Mumba abwera ndi K1,000 mu envulopu, ya malata anayi. Envulopu ndalandira, koma malata ndawapempha adikire mpaka madzulo.

Ba Chanda anali kalaliki, anapuma kale ntchito. Amati, "Penshoni yanga ndimwe." Malata atatu anatenga ngati chikole tsiku limene ndinakongola. Anati awasunga m'nyumba.

Akhomedwa pa khola la nkhumba.

Nkhumba inaswa Lachiwiri, tiana 9. Ba Chanda andionetsa monyadira, ngati ine ndi ambuye a tianato. Tili pamthunzi wabwino, sindikana.

Akuti: "Olo mulipire lelo, malata siyachoka mpaka tuleke kuyamwa. January. Mufuna tufe na dzuba?"

Sindikufuna tife.

Akuti angathe kuwagula, andichotsere pa nkhongole. K100 limodzi. Ndati ndinagula okwera kuposa pamenepo. "Yanali yanyowani. Manje onani, yali na mabowo, yanunkha na nkhumba."

Ndafunsa mwaulemu kuti mabowo anaboola ndani.

"Misomali."

Ndakhala pa chitsa kunja kwa khola, ndawerengera.

Njira yoyamba: kugulitsa anayi kwa ba Mumba, kulipira K1,000 lero. Kaloba atha. Mawa ndipita ku Bundabunda ndi lata limodzi ndi theka, pa kanta yathunthu.

Njira yachiwiri: kusagulitsa. Nkhongole ikwera kufika K1,200. Mawa ndipita ndi asanu ndi theka.

Mayi wa ku Lusaka akanasankha yoyamba, ndipo akanakhoza. Ndawerengera kawiri, masamu ali mbali yake. Koma amene akutengedwa Lamulungu si mayi wa ku Lusaka.

Ndauza ba Chanda kuti Disembala. Akondwa, andiperekeza mpaka pamsewu.

Ba Mumba ndawabwezera envulopu yawo. Ndinayamba ndaigwira kanthawi. Sanakwiye, angoti, "Mwaganiza bwino?" Ndati ayi.

Loweruka, 8 Novembala

Ba Zulu afika m'mamawa ndi kanta, zingwe zitatu zazitali, matayala akale oyala pansi. Tinapangana K400. Ndinapereka K150, yotsala inali lata limodzi.

Ayang'ana pansi pa mango. Ayang'ana kuseri kwa nyumba. Asuzumira ndi m'chimbudzi momwe.

"Ni aya chabe? Mudala, aya sembe mwakwera nayo njinga!"

Akufuna lata lawo. Asankha kale, lonyezimira la chaka chino. Ndaima patsogolo pake. Ndati lembani K250. Sindinayambe ndakanizapo munthu chinthu, mawu anatuluka ang'onoang'ono, koma anatuluka.

Msewu wa fumbi, malata akulira kumbuyo ngati alipo ambiri. Ndinatseka maso kuti ndimve ngati 14.

Amake Misozi aima panjira, chitenje chatsopano. Ba Shawa, anansi athu, ndi ana awo awiri akuluakulu, aliyense ndi hamala yake, makwerero atsamira kale pachipupa. Kuseri kukufuka utsi. Apha nkhuku, tambala wathu wamkulu.

Tatsitsa. Sizinatenge nthawi.

Amake Misozi awerenga ndi maso. "Yenango yabwera pa ulendo wachibili?"

Ndafotokoza zonse mwa dongosolo, ndi masiku ake. Kantemba. Khitchini yodalitsika. Chimbudzi. Galu. Tiana ta nkhumba. Ba Shawa akuyang'anitsitsa hamala yawo ngati aiona koyamba. Mwana wawo wamkulu wapita kuseri kwa nyumba, ndikumva akutsokomola.

Amake Misozi angoti: "Galu?"

Ndati ndi wamkulu.

Kenako: "Ikani pa chipinda chogona."

Chipinda chogona chimafuna malata 6, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo. Ine ndili ndi 5 ndi theka. Lija ndinakhomera amake Bupe Lachiwiri likanakwanira ndendende! Ndawerengera ndili pamakwerero, ndangotsala pang'ono kugwa.

Ntchito yatha nkhuku isanapse. Tadikira titakhala pa njerwa. Ba Zulu adya nawo, ntchafu zonse ziwiri.

Madzulo ndaima m'chipindamo. Mthunzi wanga, wa malata anga, koyamba. Pakona, chakumiyendo kwa pamene padzakhale bedi, pali bowo loonekera kumwamba, lalikulu ngati tebulo laling'ono. Ndamangapo thumba la feteleza.

Amake Misozi akupinda zovala m'kanyumba kaudzu. Sindinafunse ngati akupinda zochapa kapena za ulendo.

Lamulungu, 9 Novembala

Titabwerako ku Misa, kwatentha modabwitsa, nkhuku zayasama. Amake Misozi akuti tilowetse bedi m'chipinda chatsopano, "tione chabe." Talowetsa. Alowetsanso sutukesi yawo yaikulu yachitsulo, ija anabwera nayo ku ukwati.

Takhala pa bedi ngati alendo odikira tiyi.

Kenako dontho limodzi. Lina. Fungo la fumbi lonyowa. Yayamba!

Zaka zonsezi ndimaganiza kuti idzalira ngati ng'oma zapatali. Ayi ndithu. Denga lopanda siling'i, lotsika, mvula yoyamba: ngati anthu akukhuthula miyala. Ndawakumbutsa mawu aja a pakhonde la sitolo ku Chongwe.

"Mwati chani?"

Ndabwereza.

"Chani?"

Ine kukuwa sindidziwa. Ndakuwa. Ndanena zonse, za mapoto, za khonde, za lata loyamba, pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

Andiyang'ana. "Ninakamba ine? Kapena nenze kudandaula!"

Aseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Inenso ndaseka, pang'ono.

Thumba la feteleza lauluka. Madzi akulowa pa bowo, akugwera kumiyendo kwa bedi. Ena akuchokera kuchipinda chochezera, kumene denga ndi mitambo, akudutsa pakhomo ngati kwawo. Takweza miyendo. Iwo asendera kuno kuthawa madontho, phewa lawo pa phewa langa. Sanasunthenso. Takhala choncho mpaka yakata. Sindinayang'ane wotchi.

Hutala ya galimoto panja. Misozi ndi mwamuna wake, galimoto yonse matope, khanda likulira kumbuyo.

Misozi wasuzumira m'chipinda, wayang'ana bowo, wayang'ana madzi pansi. "Adadi, apa amami sibangagone." Wanena zoona.

Amake Misozi atenga kachikwama kakang'ono kokha. Sutukesi yachitsulo aikankhira pakona youma, pansi pa 30.4.14, lata loyamba lija. Sadziwa kuti ndi limenelo. Kapena adziwa, amawerenga.

Ali m'galimoto atsitsa galasi: "Sutukesi yanga isanyowe. Mukavala paja, munitumire foni. Osati mukayamba, mukatsiriza." Akunena zotseka bowo lija. Za April sanatchule. Za galu atchula, akuti ndimupatse moni: "Na uja galu mumuposhe."

Apita.

Ndayala pulasitiki pa sutukesi, ndatsamiritsa njerwa. Nkhuku ndasiya m'manja mwa ba Shawa mpaka pa 30. Mawa m'mamawa ndibwerera ku Chalimbana, udzu umera msanga ikagwa chonchi.

Mvula yayambanso, yamawawa. Tsopano ikulira bwino, ngati mmene ndinkaganizira, koma wondimvera nawo palibe. Ngati yafika ndi uko, ikugwa pa malata anga malo asanu. Mchere wa amake Bupe ndi wouma. Mapoto a parishi ndi ouma. Galu ndi wouma. Tiana ta nkhumba, tonse 9, ndi touma.

Chuma changa ndikudziwa kumene chili. Mfundo yachitatu ndakhoza.

Chosowa: theka la lata. Ku hadiweya sagulitsa theka.

Ba Chanda, K1,200.
Ba Zulu, K250.
Chitseko cha parishi, K50.
Misomali, K40.
Mlamu Fred, K30.

Nkhongole yotsala: K1,570.